Amalume, ka reset ko kasiyeni kaye

Mwaswera bwanji amalume, ndi nonse pagulu pano. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'minibasi, phokoso lake sindikanatha kujambula mawu. Uthenga wanu ndaumvetsera bwinobwino. Mwati bandulo ya mwezi yatha pa masiku khumi okha, mukuganiza kuti pali ena akudya nawo WiFi, ndiye mukufuna kusintha pasiwedi koma tsamba la rauta, kabokosi kopereka WiFi kaja, likukana kutseguka. Ndaonanso achimwene alemba kuti mungobaya ka reset kali kumbuyo kaja, kobwezera rauta momwe inachokera ku fakitale. Chonde amalume, kameneko kasiyeni kaye. Tikafikako pokhapokha zina zonse zitakanika.

Poyamba itembenuzeni rautayo muone kunsi kwake. Pali kapepala komata, kolembedwa tizilembo ting'onoting'ono. Ikakhala MiFi yam'thumba ija, kapepalako kamakhala mkati, mukachotsa chivundikiro ndi batire. Kajambuleni ndi foni, chithunzicho muchikulitse kuti maso asavutike. Koma musachiponye pagulu pano ayi, makiyi onse a rautayo ali pamenepo.

Pakapepalapo mupeza nambala yoduladula ndi timadontho, yoyamba ndi 192.168. Imeneyo ndiye adiresi ya rauta yanu. Ma Huawei ambiri amakhala 192.168.8.1, ma ZTE ambiri 192.168.0.1, pomwe ma TP-Link ena ndi 192.168.0.1, ena 192.168.1.1. Ndiye ija wina anakutchulirani pamtima musaikhulupirire, werengani yanuyo. Ngati kapepala kanafufutika, lowani mu Settings ya foni, pa WiFi, dinani dzina la netiweki yanu, mufunefune pomwe alemba Gateway. Pa iPhone amalemba Router. Nambala ili pamenepoyo ndi yomweyo.

Tsopano apa ndi pomwe ine ndikukayikira kwambiri. Tsamba mukufunalo silili pa intaneti, lili m'kabokosi momwemo, pathebulo panupo. Ngakhale bandulo itatheratu limayenera kutseguka. Koma foni ikaona kuti WiFi ilibe intaneti, imasiya mwakachetechete n'kuyamba kugwiritsa ntchito data ya simukadi. Kachizindikiro ka WiFi mumakaonabe pamwamba, koma foniyo ikukafunafuna rauta yanu kunja komwe kulibe. Poti inu mwati bandulo yatha, ndikuona ngati vuto lagona pamenepa. Thimitsani mobile data, siyani WiFi yokha. Foni ikafunsa ngati ikhalebe pa WiFi yopanda intanetiyo, vomerani. Ngati ana anakuikiranimo VPN, pulogalamu yodutsitsa intaneti ya foni njira ina, nayonso ithimitseni.

Mukatero tsegulani Chrome. Nambalayo ilembeni m'kamzere ka pamwamba penipeni, popanda mipata, ndipo pakati pake timadontho, osati makoma. Mukaona kwabwera mndandanda wa Google, dziwani kuti yalowa ngati funso, bwererani mulembenso. Masamba ena a pa Google amenewo amafanana ndi a rauta, musalembemo pasiwedi iliyonse. Nthawi zina kumabwera chenjezo loti Not secure. Ngati nambala mwalembayo ndi ya pakapepala panu, musaope, pitirizani. Mukaona mawu oti Advanced dinani pamenepo, kenako Proceed.

Likatseguka likufunsani pasiwedi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amabwerera. Mapasiwedi alipo awiri amalume. Ija mumapatsa alendo kuti alowe pa WiFi ili ngati kiyi wa pageti. Iyi akufunsa apayi ndi kiyi wa kuchipinda kwanu, amaitcha ya admin. Pakapepala paja zimalembedwa padera, ya WiFi pomwe alemba WiFi Key kapena WiFi Password, inayo pafupi ndi adiresi ija. Marauta akale ambiri dzina ndi admin, pasiwedi ndi admin, zonse zilembo zing'onozing'ono. Chenjerani ndi foni, imakonda kukulitsa yokha chilembo choyamba. Kwa amayi chaka chatha tinakhala madzulo onse tikulimbana ndi rauta, mayi atataya kale mtima akuti tikagule ina, chonsecho vuto linali A wamkulu mmodzi yekhayo. Dinani kachizindikiro ka diso kali pambali kuti muziona zomwe mukulemba. Muonetsetsenso O ndi 0, komanso l ndi 1, pa timapepala timeneti zimafanana zedi.

Ikakana kawiri, imani. Marauta ena mukalakwitsa kangapo amatseka kwa kanthawi, ndiye munthu umayamba kuona ngati yafa. Atsopanowa ambiri amakakamiza munthu kusankha pasiwedi yakeyake tsiku loyamba. Ndiye kumbukirani, anaiyatsa koyamba ndani? Ngati ndi mnyamata wa pashopu pomwe munagula, kapena mmodzi wa ana, afunseni iwowo. Mwina anailemba pa katoni kake, ambiri amatero.

Mukalowa, musathamangire kusintha. Yambani mwaona pomwe alemba Devices kapena Connected devices. Muona mafoni onse omwe ali pa WiFi yanu nthawi imeneyo. Werengani a m'nyumba mwanu: yanu, ya azakhali, za ana, TV ngati imalowa pa intaneti. Yotsala ndiye mlendo. Koma ndinene chilungamo, mutha kupeza kuti wakuba palibe. Foni ikakhala pa WiFi imayesa intanetiyo ndi yaulere, usiku imakoka ma update, imatumiza zithunzi ndi mavidiyo ku backup, anthu muli mtulo. Ndikunena izi kuti musakangane ndi aneba musanaone ndi maso anu.

Kusintha kwake n'kosavuta. Pitani pa WiFi settings, ena amalemba WLAN, lembani yatsopano. Isachepere zilembo 8, ndipo isakhale nambala yanu ya foni kapena dzina la mwana, zimenezo aliyense pamudzipo amazidziwa. Ilembeni kaye m'kope musanadine Save, chifukwa mukangodina mafoni onse atuluka pa WiFi, yanunso. Sikuti mwaononga kanthu. Pa foni iliyonse dinani dzina la netiweki, sankhani Forget, mulowenso ndi yatsopanoyo. Anawo muwauzenso, chifukwa mafoni a masiku ano amagawa WiFi ndi ka QR code, mnzawo amangojambula basi walowa, pasiwedi osaitchula n'komwe. Ya admin ija ngati ikadali admin, isintheninso, muilembe m'kope momwemo.

Za reset zija. Kuthimitsa rauta n'kuyatsanso sikufufuta kanthu, chimodzimodzi magetsi akazima, ndiye zimenezo yesani momasuka. Koma kabowo kolembedwa Reset kaja, mukakabaya ndi phini kwa masekondi ngati 10 rauta ili yoyaka, zonse zimabwerera momwe inachokera ku fakitale. Dzina la WiFi, mapasiwedi onse awiri, nthawi zina ngakhale APN, yomwe imauza simukadi njira yolowera pa intaneti. Marauta ambiri APN amaipeza okha, koma ena umachita kulembamo ndi manja, ndipo ukapanda kuidziwa umakhala ndi bandulo yatsopano intaneti osayenda. Komanso ngati kapepala kaja sikakuwerengeka, mukapanga reset mudzalowa ndi chiyani? N'chifukwa chake ndikuti tiione kaye limodzi.

Yesani zimenezi, makamaka kuthimitsa data kuja. Pomwe pakukanikeni jambulani sikirini munditumizire kumbali, osati pagulu. Ndiweruka 5 koloko. Ndikafika kunyumba ndiimba pa foni ya azakhali, kuti yanuyo ikhale m'manja tizidina limodzi.