Mafunso Anu: Vinyo wofiira wopepuka wa pa nsima ndi nkhuku

Funso: Mwezi wamawa ndikulandira alamu anga ochokera ku Lilongwe ndipo ndikufuna kuwaikira vinyo wofiira patebulo. Koma amene ndimagula, Cabernet Sauvignon, amaumitsa mkamwa ndipo sagwirizana ndi nsima ya nkhuku. Kodi alipo wopepukirapo? *Mayi wa ku Rosettenville*

Yankho: Alipo, mayi, ndipo ngwa konkuno ku South Africa. Mukapita kogula mukafunse Cinsault. Mabotolo ena amalemba Cinsaut, koma ndi mmodzi yemweyo.

Chimene chimakuumitsani mkamwa ndi tannin, amene amakhala m'makoko ndi m'njere za mphesa. Ndi yemwe uja mumamumva mukamamwa tiyi wopanda mkaka amene masamba akhalitsamo. Mphesa za Cabernet n'zing'onozing'ono, za makoko okhuthala, ndiye tannin amachuluka. Za Cinsault n'zikuluzikulu, zamadzi ambiri, choncho vinyo wake amatsika bwino pakhosi. Mtundu wake ndi wofiira mowala, moti mukapendeketsa galasi pamwamba pa nyuzipepala mumatha kuwerenga malemba. Fungo lake limapita ku sitiroberi.

Mphesazi zinachokera kumwera kwa France ndipo zimapirira dzuwa ndi chilala. Alimi a ku Western Cape ankazitcha Hermitage, ndipo kwa zaka zambiri ankangozisakaniza m'vinyo wotchipa. Masiku ano mipesa yakalekale ya ku Swartland, Darling ndi Paarl ikutulutsa vinyo wabwino kwambiri. Botolo likakhala ndi chidindo cha Certified Heritage Vineyards, ndiye kuti mipesayo ili ndi zaka 35 kapena kuposa. Onaninso mphamvu ya mowa: 12% mpaka 13% ndiye wopepuka amene mukufunayo.

Nsima payokha siivuta, nkhani ili pa ndiwo. Nkhuku yalokolo ya tomato ndi anyezi ndiye mnzake weniweni wa Cinsault, chifukwa kuwawasa pang'ono kwa vinyoyu kumagwirizana ndi tomato, n'kumatsuka mafuta mkamwa. Nyemba, bowa, nkhumba yowotcha ndi boerewors zonse zimayenda naye. Ngakhale nsomba yaiwisi yowotcha pamakala amaitha. Koma usipa wouma ndi kapenta ayi, chifukwa zikakumana ndi vinyo wofiira mkamwa mumamveka chitsulo. Kambuzi ikani pambali kuti aliyense adzithirire yekha, poti mowa umawonjezera kuwawa kwa tsabola.

Ngati thumba likulola, Pinot Noir wa ku Hemel-en-Aarde kufupi ndi Hermanus, kapena wa ku Elgin, nayenso ngwopepuka, ndipo ndi bowa amaposa Cinsault. Amadula chifukwa mphesa zake zimafuna malo ozizira ndipo sizichedwa kuola.

Funso: Anzanga akuti vinyo wofiira saikidwa m'firiji. Ndi zoona? *Bambo wa ku Turffontein*

Yankho: Si zoona, bambo, makamaka kwa vinyo wopepuka. Lamulolo linachokera ku nyumba zozizira za ku Ulaya. M'khitchini ya ku Johannesburg mwezi wa Disembala, botolo limafunda kudutsa madigiri 25, ndipo vinyo akafunda chotero fungo la mowa limaphimba la zipatso. Cinsault amakoma pa madigiri 13 mpaka 15. Ikani botolo m'firiji mphindi 40 musanatsegule. Likagona m'menemo, litulutseni mphindi 20 musanathire, chifukwa kuzizira kwambiri kumatseka fungo. Musaike ayisi m'galasi, amasungunula vinyo amene ali kale wopepuka.

Botolo la mamililita 750 limakwana magalasi asanu. Wotsala mutsekeni, mumuimike m'firiji ndipo athe pasanadutse masiku atatu, mpweya usanamusandutse wowawasa ngati viniga.

Funso: Kodi Pinotage ndi Pinot Noir ndi vinyo mmodzi? *Wophunzira uwetala ku Randburg*

Yankho: Ayi, achimwene. Pinotage ndi mwana wa Pinot Noir ndi Cinsault. Anakweranitsa mitundu iwiriyi ndi Pulofesa Abraham Perold wa ku Stellenbosch mu 1925. Ngakhale makolo ake onse ndi opepuka, iye nthawi zambiri amakhala wakuda ndi wolemera. Kasitomala akaitanitsa nyama yang'ombe yowotcha mupatseni Pinotage, akafuna wopepuka musamupatse ameneyu pokhapokha mutaulawa kale.