Funsani Anamwino: Bambo akukana kudulidwa mwendo, tisaine ife?

Zikomo Anamwino. Bambo anga ali ndi zaka 68, ndi msodzi, ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zingapo. Mwezi wa Juni anabayidwa ndi mbedza kuchala cha kuphazi. Bala linakana kupola, pano phazi lada bii ndipo likununkha. Adokotala akuti mwendo udulidwe m'munsi mwa bondo, koma bambo akanitsitsa, akuti anabadwa ndi miyendo iwiri ndipo kumanda adzapita nayo iwiri. Achimwene anga akuti fomu tisaine ife ana, bambo tiwauze kuti akungokatsukidwa bala. Kodi zimenezi n'zololedwa? Gadiyani ndine, tulo sindikutiona.

Mwana wachisamba, Senga Bay, Salima

Pepani mwana wanga, mtolo mwasenzawu ndi wolemera. Koma ndikuuzeni mosapsatira: ngati mutu wa bambo ukugwira bwino, mwendowo ndi wawo, ndipo siginecha yanu kapena ya achimwene singalowe m'malo mwa yawo. Gadiyani ntchito yake n'kuphika phala, kuchapa, kumvera nawo zimene adokotala akunena. Ugadiyani sukupatsani umwini wa thupi la munthu wamkulu. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 19, amati ulemu wa munthu susokonezedwa, ndipo dokotala wodula chiwalo cha munthu wozindikira popanda chilolezo chake akhoza kukayankha mlandu ku Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira ntchito za madokotala. Zowanamizazo zisiyeni. Taganizani, bambo adzuke kufiyeta, apapase bulangete, apeze palibe. Adzamwanso mankhwala ochokera m'manja mwanu?

Nkhani yagona pa mawu oti "mutu ukugwira". Kukana malangizo a dokotala si misala ayi. Ife kuchipatala timaona ngati wodwala akumva chimene chavuta, akuchikumbukira, akutha kuyeza ubwino ndi kuipa kwa kudula ndi kusadula, n'kunena yekha chimene wasankha. Bambo akatha kukuuzani ndi pakamwa pawo kuti "ndikudziwa kuti kuwolaku kungalowe m'magazi n'kundipha, komabe sindikufuna", ndiye kuti asankha. Koma bala lowola likabweretsa kutentha thupi, kapena shuga akakwera kapena kutsika kwambiri, munthu amatha kubalalika, osadziwa kuti ali kuti kapena lero n'lachingati. Zikatero adokotala amayamba akonza zimenezo n'kumufunsanso. Ndipo ngakhale atakomoka, achibale akamafunsidwa safunsidwa zofuna zawo, amafunsidwa zimene mwini wake ananena maso ali gwa.

Tsono ine chimene ndikukayikira n'chakuti bambo anafotokozeredwa mokwanira. M'zaka zanga za m'wodi ya abambo ndinaona nkhani yaikulu chonchi ikunenedwa pa raundi, anthu asanu ataimirira kumiyendo kwa bedi, theka la mawu m'Chingerezi, odwala oyandikana nawo atatchera khutu. Mkulu wa ulemu wake angavomere bwanji pamenepo? Ndikukumbukira mlimi wina wa mpunga amene anakana kwa sabata yathunthu. Tsiku lina ndikumumanga bala ndinamufunsa chimene akuopa. Sanali kuopa mpeni. Ankaganiza kuti adula mpaka m'chiuno, ndiponso kuti mkazi wake amuthawa. Titakhala pansi ndi mkaziyo, n'kumuonetsa ndi chala pamene adule, anapempha yekha cholembera. Ena ndinawafunsa chimodzimodzi, anakanabe, ndipo tinawalemekeza.

Choncho pemphani kuti adokotala kapena akilinikala akhale ndi bambo poduka mphepo, m'Chichewa kapena m'Chiyao ngati ndicho chawo, pamodzi ndi munthu amene bambo asankhe okha. Mwina si inu, mwina ndi mlongo wawo kapena mnzawo wa pabwato, musakhumudwe. Afunse okha ngati pali njira yochotsa zala kapena mnofu wowola wokha, ndi zimene zichitike akapanda kuchitidwa opaleshoni. Adziwenso kuti wodulidwa m'munsi mwa bondo amaphunzira kuyenda ndi mwendo wochita kupanga mosavuta kuposa wodulidwa pamwamba, ndipo miyendo yotere imapangidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Kuchedwa kumatha kukweza malo odulawo. Za kumandazo musaziseke, aitanireni abusa kapena ashehe awo akambirane.

Akakanabe, sikuti chipatala chasamba m'manja. Kutsuka bala, mankhwala opha tizilombo, a shuga ndi opha ululu ngati mofini akuyenera kulandirabe, ndipo pa Salima pomwepo pali Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda aakulu ndi kuchepetsa ululu wawo. Wina akawaopseza kuti "mukakana musadzabwerenso", kadandauleni kwa ombudsman wa pachipatala, amene amamva madandaulo a odwala. Ofesi zimenezi zinayamba mu 2018 m'zipatala za boma.

Akavomera lero n'kusintha mawa asanalowe kufiyeta, aloledwa. Akakana lero n'kuvomera Lachisanu, aloledwanso. Inu usiku uno muziwagwira pamphumi. Thupi likatentha, akayamba kunjenjemera, kupuma mofulumira kapena kuyankhula zosalongosoka, dzutsani namwino wa usiku nthawi yomweyo, musadikire raundi ya m'mawa.