Kufika pachipatala si kuchira

Achimwene, mwafunsa kuti chipatala chikakhala pafupi ndiponso chaulere, anthu ochita kafukufuku wa ntchito zaumoyo amafunafunanso chiyani. Nditalikitsa pang'ono, mundipirire.

Pa nkhani yoti ndalama zimalepheretsa anthu kupita kuchipatala simukunama. M'zaka za m'ma 1970, bungwe lochita kafukufuku la RAND ku America linagawa mabanja mwamaere, ena azilandira chithandizo mwaulere, ena azilipirako. Olipirawo anachepetsa maulendo akuchipatala, koma sanasiye osafunika okha ayi, anasiyanso ofunika. Munthu mutu ukamamupweteka sadziwa ngati ndi kutopa kapena BP, amayamba wapisa m'thumba. Osauka odwala BP ndi amene anapindula kwambiri ndi chaulerecho. Nayonso Uganda itachotsa malipiro m'zipatala za boma mu 2001, anthu anakhamukirako. Komabe chaulere chili ndi mtengo wake wobisika: thiransipoti, tsiku la ntchito lotayika, mankhwala okagula kwina chifukwa pawindo akuti atha. N'chifukwa chake ofufuza amawerenga mabanja omwe ndalama zopitirira 10 peresenti ya zomwe amagwiritsa ntchito pakhomo zimathera ku matenda.

Vuto n'lakuti kulowa pageti ndi chiyambi chabe. Mu 2018 akatswiri omwe anasonkhanitsidwa ndi magazini ya Lancet Global Health anawerengetsera kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, anthu pafupifupi 8.6 miliyoni amafa chaka chilichonse ndi matenda oti akanathandizika. Mwa amenewa, 3.6 miliyoni sanafike n'komwe kuchipatala. Koma 5 miliyoni anafika ndithu, anakhala pamzere, anaonana ndi achipatala, chithandizo chake n'kukhala chosakwanira. Ine nditamva zimenezi ndinakhala kaye chete, chifukwa ndinkaganiza ngati inuyo.

India inaziona ndi maso. Kuyambira mu 2005 boma linkapatsa amayi ndalama kuti azikachilira kuchipatala. Ochilira kuchipatala anachulukadi kwambiri, koma imfa za amayi ndi makanda sizinatsike mofanana ndi kuchulukako. Bedi linalipo, koma mayi akayamba kutaya magazi usiku, kodi panali namwino wodziwa chochita, ndi magazi oti amuike?

Nanga ubwino wa chithandizo mungauyeze bwanji? Dokotala wina, Avedis Donabedian, mu 1966 anati tiziyang'ana zitatu: zomwe zilipo, zomwe zimachitika, ndi zotsatira zake. Zomwe zilipo n'zosavuta kuwerenga, nyumba, mabedi, maambulansi, ndipo andale amazikonda chifukwa zimaoneka bwino pachithunzi. Chovuta ndi chapakaticho, zochitika chitseko chikatsekedwa.

Apa ofufuza anatulukira njira yomwe imandisangalatsa. Amaphunzitsa munthu wabwinobwino kuti akanamizire kudwala. Amalowa ngati wodwala wamba n'kunena kuti, "Adokotala, ndakhala ndikutsokomola milungu itatu, usiku ndimatuluka thukuta." Akatuluka amafotokoza zonse: anakhalamo mphindi zingati, anamufunsa mafunso ati, anamuuza kuti apereke makhololo akayezedwe TB kapena anangomulembera mankhwala a chifuwa. Anachitapo zimenezi ku India, ku Kenya, ku China. Nthawi zambiri wodwala wabodzayo ankatuluka pakangopita mphindi zochepa, atanyamula maantibayotiki osafunika.

Chodabwitsa chili apa. Dokotala yemweyo mukamukhazika pansi n'kumufotokozera matenda omwewo ngati funso la mayeso, kawirikawiri amayankha bwino kuposa zomwe anachita m'chipinda muja. Akudziwa, koma sakuchita. Ndiye kumutumizanso kumaphunziro a sabata imodzi sikuthetsa vutolo. Muyenera kufufuza ngati chikumulepheretsa ndi mzere wautali panja, makina oyezera omwe anafa kalekale, malipiro ochedwa, kapena kungoti palibe amene amabwera kudzaona zomwe amalemba m'mabuku a odwala. Chilichonse mwa izi chili ndi mankhwala ake, ndipo mtengo wake ndi wosiyana.