Musamuletse, koma ayambe waphunzira kusambira

Achemwali, mwafunsa za mwana wanu amene akufuna kuyamba mpikisano wopalasa kayaki, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi ya mbali ziwiri. Mwana wanuyo sanachedwe ayi, zaka 14 ndi msinkhu wabwino woyambira kupalasa kayaki. Masewerowa munthu amakhala nawo nthawi yaitali. Birgit Fischer wa ku Germany anapata mendulo yagolide ku Olimpiki ya ku Moscow mu 1980 ali ndi zaka 18, n'kudzapatanso ina ku Athens mu 2004 ali ndi zaka 42. Ku Africa konkuno, Bridgitte Hartley wa ku South Africa anakhala wachitatu pa mamita 500 ku London mu 2012.

Chondidetsa nkhawa ine ndi madzi. Bwato la mpikisano ndi lopyapyala, ukangopendekeka pang'ono wagwera m'madzi; ine tsiku loyamba ku Mangochi ndinagubuduka kangapo ndisanapalase n'komwe. Ndiye adziwe kusambira kwenikweni. Likhubula ndi Ruo kuno ku Mulanje ndi mitsinje yamiyala, imadzaza mwadzidzidzi mvula ikagwa m'phiri, pomwe mpikisanowu umafuna madzi odekha. Asakayeserere kumeneko, chonde.

Mumupezere mphunzitsi wodziwa ntchitoyi. Phewa likamamupweteka osasiya, kapena akaona magazi m'mkodzo atabwerako kunyanja, pitani naye kuchipatala akamuyeze likodzo ndi phewalo.