Akuti muli ndi mlandu wa nyumba ku Indiana: fayilo yake ili kuti, ndipo muipeza bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indianapolis, mzinda wa mu Indiana, imodzi mwa ma state (zigawo zazikulu) a dziko la America. Dzina ndasunga. Mwachidule akuti: mpaka 2022 ankakhala ku Mishawaka m'nyumba ya lendi limodzi ndi msuweni wawo, ndipo onse awiri anasaina pepala la lendi. Iwo anasamuka, msuweniyo anatsala. Mwezi watha atafunsira nyumba ina anakanidwa, ati dzina lawo lili ndi eviction, kutanthauza kuti landilodi anawasumirapo kukhoti kuti awatulutse m'nyumba. Iwo samani sanaionepo, kukhoti sanapondeko. Anapita kukhoti la mu Indianapolis momwemo, akalaliki n'kuwauza kuti kulibe kanthu. Tsopano apeza tsamba lina pa intaneti lomwe likufuna ndalama kuti liwaonetse "zonse zokhudza dzina lawo". Funso lawo: alipire kodi? Nanga mlanduwo ngati ulipodi, mapepala ake ali kuti?

Achemwali, ndalamayo musalipire. Masamba otere amatola zinthu zomwe boma limaonetsa kwaulere n'kukugulitsani, ndipo kawirikawiri amakugulitsani zakale, zosakanikirana ndi za anthu ena.

Akalaliki a ku Indianapolis sanakunamizeni, kungoti munagogoda khomo lolakwika. Kuno ku America kulibe nkhokwe imodzi yosungiramo milandu yonse. Dziko lino lili ndi ma county opitirira 3,000, ndipo Indiana yokha ili nawo 92. County ili ngati boma kwathu, monga timanenera kuti boma la Ntcheu kapena la Mzimba. Mlandu wa nyumba, wa ngongole, wa chisudzulo, wa ngozi ya galimoto, umasungidwa ndi ofesi ya clerk, kalaliki wamkulu wa makhoti, mu county imene mlanduwo unatsegulidwira. Mlandu wa nyumba umatsatira komwe kuli nyumbayo, sutsata komwe mwini dzina wasamukira. Indianapolis ndi Marion County. Mishawaka ili mu St. Joseph County, yomwe likulu lake ndi South Bend. Fayilo yanu, ngati ilipo, ili kumeneko.

Apa ndichenjeze anzathu ambiri a m'dera limeneli, poti ena amagona ku Niles kapena ku Berrien Springs, mu state yoyandikana nayo ya Michigan, koma ntchito ku South Bend. Dzina loti St. Joseph lasokoneza anthu. Kuli St. Joseph County ya ku Indiana. Kulinso St. Joseph County ina ku Michigan, likulu lake Centreville. Ndiye kuli mzinda wotchedwa St. Joseph, m'mbali mwa nyanja ya Michigan, womwe ndi likulu la Berrien County. Mukalemba dzinali pa Google osatchula state, mutha kuimba foni kuofesi zitatu n'kumadabwa kuti bwanji aliyense sakukudziwani.

Yambani ndi pepala la amene anakukanani nyumba. Lamulo la dziko lonse lotchedwa Fair Credit Reporting Act limati landilodi akakukanani chifukwa cha lipoti la kampani yofufuza alendi, akuyenera kukuuzani dzina la kampaniyo ndi mmene mungaipezere, ndipo inu muli ndi ufulu wolandira kope la lipotilo kwaulere mukalipempha pasanathe masiku 60. Musachedwe nazo, masiku akuwerengedwa kale. Mu lipotimo nthawi zambiri mumakhala dzina la khoti ndi nambala ya mlandu, ndipo nambala imeneyo ndiye kiyi wa zonse.

Mukatero tsegulani mycase.in.gov. Ndi tsamba la makhoti a Indiana, laulere, ndipo silifuna kuti mulembetse kuti mufufuze. Mutha kusaka ndi nambala ya mlandu kapena ndi dzina. Posaka ndi dzina dekhani, chifukwa mayina athu amavulala kwambiri m'manja mwa olemba a kuno. Ch ndi Tch amasinthana, h wa mu Phiri amagwa, dzina la bambo limasanduka dzina loyamba. Yesani kalembedwe kangapo, yesani dzina lomwe munali nalo musanakwatiwe, yesani dzina la msuweni wanu, yesaninso dzina la kampani ya nyumbayo. Ndipo mukapeza dzina lofanana ndi lanu musathamange mtima. A Banda ndi a Phiri m'dera la South Bend si inu nokha. Onani adiresi ndi chaka kaye.

Nambala ya mlandu ku Indiana imalankhula yokha mukaidziwa. Imaoneka chonchi: 71D01-2203-EV-000000. Manambala awiri oyamba ndi county, ndipo 71 ndi St. Joseph, 49 ndi Marion, 20 ndi Elkhart. Chilembo chotsatira ndi mtundu wa khoti, D kuimira Superior Court, C kuimira Circuit Court. Kenako 2203 ndi chaka ndi mwezi umene mlandu unatsegulidwa, apa ndiye kuti March 2022. Zilembo ziwirizo ndi mtundu wa mlandu: EV ndi wotulutsa munthu m'nyumba, SC ndi small claims, milandu ya ndalama zosapitirira $10,000, CC ndi wa okongoza ofuna ndalama zawo, DC ndi DN ndi a chisudzulo. Milandu yakale ya nyumba, isanayambe kugwiritsidwa ntchito EV, yambiri inkalembedwa SC, choncho wofufuza zaka za m'mbuyo asadabwe.

Tsopano pamene ndikufuna mukhalepo nthawi. Mukatsegula mlanduwo muona mndandanda wautali wa masiku ndi zomwe zinachitika, womwe kuno amati Chronological Case Summary, kapena CCS. Anthu ambiri amawerenga mizere iwiri yoyamba, kuona dzina lawo pambali pa mawu oti Defendant (woimbidwa mlandu), n'kutseka foni misozi ili m'maso. Werengani mpaka pansi. Kampani yomwe inalemba lipoti lanu mwina inangoona kuti mlandu unatsegulidwa, osalabadira mmene unathera, pamene mmene unathera ndi pomwe pagona nkhani yanu yonse. Kumbukiraninso kuti masiku kuno amayamba ndi mwezi: 04/07/2022 ndi pa 7 April, osati pa 4 July.

M'mizere imeneyo fufuzani zinthu zingapo. Choyamba ndi service, kusonyeza mmene samani inaperekedwera: kwa ndani, pa adiresi iti, tsiku liti. Ngati inasiyidwa panyumba ya ku Mishawaka inu mutasamuka kale, lembani tsikulo, n'lofunika. Kenako onani mathero. Mukaona Dismissed, ndiye kuti mlandu unathetsedwa, mwina msuweni wanu analipira kapena landilodi anausiya. Mukaona Default Judgment, ndiye kuti jaji anagamula mokomera landilodi chifukwa woimbidwa mlandu sanabwere. Milandu ya nyumba ku Indiana kawirikawiri imakhala ndi mbali ziwiri: possession, yonena kuti nyumba ibwerere kwa mwini wake, ndi damages, yonena za ndalama za lendi yotsala ndi zowonongeka. Mbali yachiwiriyi imabwera patapita masabata, ndiye ndi imene anthu amaiphonya. Ngati pali chigamulo cha ndalama, onani ngati pali mzere wa Satisfaction kapena Release of Judgment, wosonyeza kuti ngongoleyo inalipidwa. Ndipo mukaona mawu oti Proceedings Supplemental kapena Garnishment, dziwani kuti wina akufunafuna njira yodulira ndalamazo pa malipiro anu. Lamulo limalola kudula mpaka 25 peresenti ya ndalama zotsala akachotsa misonkho. Izi si zoti mudikire nazo.

Zinandionekerapo ine zofanana ndi zimenezi pa ngongole ya kuchipatala yomwe ndinali nditalipira kale yonse. Patapita zaka ziwiri ndinaipeza ikuonekabe ngati yosalipidwa, chifukwa amene ndinawalipirawo sanapereke kukhoti pepala lonena kuti tathana. Chinandipulumutsa ndi risiti yomwe ndinaiponya mu envelopu ya mapasipoti. Kuyambira pamenepo sinditaya risiti.

Tsamba la MyCase limaonetsa mndandanda uja ndi mapepala ena monga zigamulo za jaji, koma si mapepala onse amene amatseguka. Ofunika kwa inu muwapempha kwa clerk. Imbani foni kuofesi ya St. Joseph County Clerk, nambala yake muitenge pa tsamba la county yeniyeniyo. Atchulireni nambala ya mlandu, ndipo muwauze mapepala amene mukufuna ndi mayina ake: complaint kapena notice of claim, lomwe ndi dandaulo la landilodi, return of service, pepala losonyeza mmene samani inaperekedwera, ndi judgment kapena order of dismissal, chigamulo cha jaji. Mukangoti "ndikufuna fayilo yanga yonse" mudzalipirira masamba ambiri opanda ntchito, poti amawerengera pa tsamba, dola imodzi tsamba lililonse. Afunseni mtengo wonse, njira yolipirira, komanso ngati angakutumizireni pa positi kapena pa imelo, kuti musayendetse galimoto maola awiri ndi theka kupita ku South Bend pa tsiku lanu lopuma. Mukamalemba kalata yopempha, ikanimo nambala ya mlandu, mayina a mbali zonse ziwiri, mapepala omwe mukufuna, adiresi ndi foni yanu. Basi.

Pa chigamulo pemphani certified copy, kope lokhala ndi chidindo ndi saini ya clerk. Limakwera mtengo pang'ono, koma ndi lomwe anthu a m'maofesi amalilemekeza. Chithunzi chojambula pa foni amachiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndikudziwa mantha amene ali kuseri kwa kalata yanu, chifukwa mwalemba kawiri kuti simufuna "kudziyambira nkhani". Mafayilo a milandu ya civil, yomwe si ya upandu, ndi otseguka kwa aliyense, kupatula ena monga a ana, a kulera mwana wa wina mwalamulo, ndi amene jaji anawatseka. Simufunika kufotokoza chifukwa chomwe mukuwafunira, ndipo mlandu wa lendi si mlandu wa upandu. Choti mudziwe n'chakuti akalaliki saloledwa kupereka uphungu wa zamalamulo. Mukawafunsa kuti "ndichite chiyani" adzakuyankhani mozizira, osati chifukwa cha mwano. Afunseni za mapepala, mitengo ndi masiku.

Wina akuuzani za PACER. Limenelo ndi tsamba la makhoti a federal, a boma lalikulu la America, monga milandu ya bankruptcy (ya olephera kubweza ngongole zawo), ndipo amalipiritsa masenti 10 pa tsamba. Mlandu wa landilodi wa ku Mishawaka simudzaupeza mmenemo.

Mapepala akafika m'manja mwanu, njira zimagawikana. Ngati dzinalo ndi la munthu wina kapena lipoti lanena zosiyana ndi zomwe zili m'fayilo, lemberani kampani ija kalata yotsutsa, muphatikize kope la chigamulo, ndipo lamulo limawapatsa masiku 30 kuti afufuze. Ngati mlandu unathetsedwa kapena unagamulidwa mokomera inu, Indiana ili ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2022 lolola mlendi kupempha khoti kuti litseke fayilo ya eviction kuti isamaonekenso kwa anthu. Koma ngati pali default judgment pa samani yomwe simunailandire, pamenepo funani loya. Pali njira yopempha jaji kuti afafanize chigamulo pansi pa lamulo la makhoti a Indiana lotchedwa Trial Rule 60, ndipo mbali zina za lamuloli zili ndi malire a nthawi. Bungwe la Indiana Legal Services limathandiza kwaulere anthu opeza zochepa pa nkhani za nyumba, ndipo lili ndi maofesi ku Indianapolis ndi ku South Bend komwe. Popita kumeneko nyamulani CCS yosindikiza, pepala la lendi lija, ndi chilichonse chosonyeza tsiku lomwe munasamuka: pepala la lendi la nyumba yomwe munasamukiramo, bilu ya magetsi, pepala la malipiro lokhala ndi adiresi ya ku Indianapolis.

Za msuweni wanu, mwandifunsa ngati mumuimbire foni lero. Ine ndikanayamba ndawerenga fayilo. Mwina analipira zonse mlandu n'kuthetsedwa, iye n'kuchita manyazi kukuuzani. Mwinanso samani yanu anailandira ndi manja ake n'kuiika pansi pa matiresi. Fayiloyo ikuuzani kuti ndi ziti, ndipo foniyo mudzaimba mukudziwa chofunsa.