Kachilombo ka khansa ya Kaposi: kamalowa bwanji, nanga mbale tisiyanitse?

Mayi wina wa ku Senga Bay wandilembera imelo. Achimwene awo, omwe ndi asodzi, atuluka madontho akuda m'miyendo, mapazi atupa mpaka nsapato sizikulowa, ndipo kuchipatala akuti ndi khansa ya Kaposi yoyambitsidwa ndi kachilombo. Akufunsa: "Kachilombo kangayambitse bwanji khansa? Nanga ife odya nawo mbale imodzi titengera?"

Pepani kwambiri mayi, kudwazika si kwapafupi.

Kachilomboka dzina lake ndi KSHV, ena amati HHV-8, ndipo n'kamtundu umodzi ndi kamene kamayambitsa mashingozi. Anakatulukira ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore ku New York mu 1994, ngakhale nthendayo Moritz Kaposi anali ataifotokoza kale ku Vienna mu 1872. Kuno kwathu kamafala kwambiri kudzera m'malovu, ambiri amakatenga akadali ana.

Kakalowa m'thupi kamakakamira pa maselo (tizidutswa tamoyo tating'onoting'ono topanga thupi) oyala mkati mwa mitsempha ya magazi, komanso pa maselo ena achitetezo otchedwa B. Selo likakameza, iko kamakatula DNA yake (uthenga wa chibadwa wolamulira zochita zake) mkatikati momwe mumakhala DNA yathu. Ikafika mmenemo, DNA yakeyo imadzikulunga ngati nkhata n'kukhala phee. Apa m'pamene ine ndimazizwa. Kali ndi puloteni yotchedwa LANA, yomwe imamangirira nkhatayo ku DNA yathu monga asodzi amamangirira bwato kumbuyo kwa boti ya injini. Selo likamagawikana, nkhata nayo imapangidwa ina, selo latsopano lililonse n'kutenga yake. LANA yomweyo imafooketsa p53, puloteni yathu imene imalamula selo lowonongeka kuti life. Ndiye selo lofunika kufa limangopitirira kuswana.

M'maselo ochepa kachilomboka kamadzuka. Puloteni yake ina, RTA, ndiyo imayatsa moto: selo limayamba kupanga tizilombo tambirimbiri mpaka kufa, ndipo limatulutsa zinthu zomeretsa timitsempha tatsopano mosalongosoka. Madontho mukuwaonawo ndi timitsempha timeneti titapiringizana, n'chifukwa chake amaoneka ngati magazi oundana. Njira za madzi a m'thupi zikatsekeka, mapazi amatupa.

Chitetezo cha m'thupi chikakhala cholimba, kachilomboka kamagona moyo wonse wa munthu osamudwalitsa. Chimene chimakamasula kawirikawiri ndi HIV, ngakhale ena amadwala alibe HIV. Choncho ngati achimwene sanayezetse, ayezetse, ndipo ngati ali pa ma ARV asadumphitse ngakhale ali panyanja usiku wonse.

Za mbale: khansayo sipatsirana, ndipo ambiri a ife kachilomboka tili nako kale osadziwa. Musawasale, idyani nawo. Chomwe ndingaletse ndi kutafunira mwana chakudya kapena kubwerekana mswachi.

Muwayang'anenso m'kamwa, makamaka kumwamba ndi m'nkhama. Mukaona madontho mmenemo, kapena akayamba kubanika ndi kutsokomola magazi, musadikire tsiku lomwe anakupatsani. Pitani nawo ku Salima District Hospital mukafunse ngati akufunika mankhwala a khansa kapena kutumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.