Mazira asukusa kawiri, ana akungoti zii

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu. Anadzipangira makina oswetsera anapiye pogwiritsa ntchito filiji yakale, mababu ndi fani ya kompyuta, chifukwa amakonda kugwiragwira zamawaya akaweruka kuntchito. Mazira asukusa kawiri. Akufunsa kuti: "Ndikalowa m'nyumba ana amangoti zii, mayi awo akuti ndasintha. Ndisangalala nawo bwanji pamene mtima wanga uli ku makinawo?"

Achimwene, za mazira ndiyankha kumapeto. Mawu amene andilasa mtima ndi akuti ana amangoti zii, poti ine ndinakulira m'nyumba yotero.

Bambo anga, kwathu ku Kamwendo kuno ku Mchinji, anali ndi njinga yamoto imene anaigula ili yakufa kale. Loweruka lililonse ankayala chiguduli pansi pa mtengo wa mango n'kuimasula yonse: tcheni apa, mapulagi apo, timabawuti m'chitini chodula pakati. Ikangolira, ngakhale pang'ono pokha, tsiku limenelo tinkadya mandasi, iwo akuimba nyimbo za kwaya mpaka madzulo. Ikakana, tinkadziwira pa kayendedwe kawo pobwera kukhonde. Mayi ankatikodola kuti tikadyere kukhitchini. Sankamenya munthu bambo anga, sankatukwananso. Ankangokhala duu, ndipo nyumba yonse inkakhala duu pamodzi nawo. Ine ndinkalakalaka kugwirako sipanala ija, kapena kungowapatsira. Yankho linali limodzi nthawi zonse: "Choka apo, utaya mabawuti." Anali munthu wabwino, ankatikonda, ndipo anatisiya njingayo isanayende. Mpaka lero ndikamva fungo la petulo pa nsanza mtima umandiwawa, chifukwa masiku onse aja tinali pakhomo limodzi koma sitinali limodzi.

N'chifukwa chake nditayamba zanga zoswetsa anapiye ndinakoka ana kuyambira tsiku loyamba. Mazira akatha sabata m'makina, timazimitsa nyale, n'kugunditsa tochi ya foni kumbali yaikulu ya dzira. Lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira toyanga ngati mizu ya mbewu ya pa nazale, ndi kadontho kakuda pakati. Mzime wanga ataona kadonthoko kakugwedezeka anakuwa kuti, "Ababa, kakuyenda!" mpaka agogo ake anadzuka kuchipinda kudzaona. Kuyambira pamenepo mazirawo sanalinso anga ndekha.

Ndiye panabwera usiku wina, m'sabata yachitatu, magetsi anazima n'kukhalitsa. Mayi a kunyumba anakoleza mbaula, tinayamba kutenthetsa madzi, kuthira m'mabotolo, kukulunga m'nsanza n'kuika m'makinamo, pamwamba tafunditsa bulangete. Botolo likazirala, lina lalowa. Podikira madzi kuti atenthe tinatulutsa lichero la mtedza n'kumasenda. Agogo anayamba, "Padangokhala," ana n'kuvomera, "Tili tonse," ndipo nthano zimene ine ndinaziiwala kalekale zinatuluka usiku umenewo. Anapiye anaswa ochepa kwambiri. Mwana wanga wamkazi analira titaswa mazira otsalawo kuseri kwa khola n'kupeza anapiye athunthu, a nthenga kale, atafera m'kati. Sindinamuletse kulira. Nanenso zinandiwawa ndipo ndinamuuza choncho. Atapukuta misozi anatenga kope lake lakale n'kulemba zimene tinapeza m'dzira lililonse, ndipo kope limenelo ndi limene timagwiritsa ntchito mpaka pano.

Apa ndiye ndikufuna ndilankhule mosapsatira. Alipo amene angakuuzeni kuti tsekani makinawo, iwalani, tengani banja mukaone njovu ku Lifupa. Kupita pitani ndithu, nkhalango ya Kasungu muli nayo pafupi, ndipo mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde. N'zomvetsa chisoni kuti ana ambiri a m'bomalo amakula osaionako. Koma ulendowo suchiza matenda amene mwandilembera. Mukabwerako mudzalowanso nokha m'kachipinda kaja, n'kutulukamo nkhope ili gwa, ana n'kuyambiranso kuyenda monyang'ama. Ndikukana ndithu maganizo akuti chisangalalo cha banja chili uko, ntchito ya manja a bambo ili kuno. Makolo athu analibe tsiku lapadera locheza ndi ana. Kucheza kunali m'chigafa posoka fodya, pamkeka potonola chimanga, padambo pothirira dimba. Inu a ku Kasungu mukudziwa kuposa ine mmene nkhani zimakomera posankha fodya, ngakhale chaka chimene mitengo kumsika yaipa. Mwana ankaona bambo ake akuluza, akudandaula, mawa lake akudzukanso ndi khasu. Masiku ano tikufuna ana azitiona titapambana basi, ndiye zikavuta timawabisira, iwo n'kumaganiza kuti alakwa ndi iwowo. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sadziwa za chinyontho cha m'makina. Amangodziwa kuti ababa sakumuyang'ana.

Ndipo tisanamizane kuti "ndikuchitira banja lomweli." Mwanena nokha kuti mumazikonda. Palibe cholakwika pamenepo, munthu amafunika kanthu kake komutsitsimula. Koma ngati n'zokonda, zisalamule kuti lero pakhomo pasekedwa kapena ayi.

Mayi a kunyumba musawaiwale pa nkhaniyi. Akamati mwasintha, mwina akuwerenganso mumtima ndalama za mathileyi a mazira ndi mayunitsi a magetsi amene apita, pamene sopo watha. Afunseni, ndipo mugwirizane malire a ndalama zimene makinawo azidya pamwezi. Kwathu kukangana kunachepa tsiku limene tinagwirizana kuti anapiye oyamba a gulu lililonse ndi a mayi, achite nawo zimene akufuna.

Tsono za makinawo

Dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, pa kutentha kwa madigiri 37.5. Musakhulupirire choyezera chimodzi; ikanimo china, ngakhale chija choyezera thupi, muone ngati zikugwirizana. Tembenuzani mazira katatu patsiku kapena kuposa mpaka tsiku la 18. Lembani X mbali ina ndi O mbali inayo ndi pensulo, ntchito imeneyo muwapatse ana. Masiku atatu omaliza onjezani madzi m'mbale ya pansi ndipo musatsegule chisawawa. Mazira akhale osapitirira sabata chiikiridwireni, ochokera pakhola pamene tambala mmodzi ali ndi nkhuku zazikazi zosapitirira 10. Pezani batire ya sola yodikirira magetsi akazima, ndipo ngati pali nkhuku yofungatira ipatseni mazira 10 kapena 12 pambali, kuti pakhomo pasasowe kolira anapiye. Akaswa, funsani alangizi a ziweto za katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso miyezi inayi iliyonse, makamaka nyengo yotentha isanafike.

Ngati mazira osukusawo simunataye, Loweruka lino aswereni panja muli ndi ana, wina agwire kope. Dzira lopanda kanthu m'kati, funsani kumene munagula ngati kuli atambala okwanira. La mzere wofiira wozungulira linafa masiku oyambirira, yang'anani kutentha. La mwanapiye wathunthu, vuto limakhala chinyontho kapena mpweya wochepa masiku omaliza. Mundilemberenso zimene mwapeza, ndipo mundiuze amene analemba m'kopemo.